Mleme m'bokosi la mafilizesi

Nyumba yomwe tinkakhala ku Chirimba inali yakalekale, yamalata adzimbiri, ndipo m'siling'i mwake munali mileme. Tinaipeza momwemo, mwina ndiyo inali eni nyumba enieni. Dzuwa likamalowa inkatuluka umodziumodzi pakabowo ka m'munsi mwa denga n'kulowera kumtsinje, ndipo m'mawa tinkasesa zitosi zake pakhonde. Panalibe amene ankaiopa. Ine ndinkadana nayo chifukwa chimodzi chokha, chodetsa zovala ndikaziiwala pachingwe.

M'nyumbamo tinalimo anthu anayi: ine, amuna anga, mwana wathu wamkazi amene anali m'makalasi oyambirira a pulayimale, ndi alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna angawo. Alamuwa anachokera ku Chimwankhunda amuna awo atamwalira, ndipo ankagulitsa mafilizesi pageti la sukulu, timadzi totsekemera toundana tija ana amayamwa kukatentha. Makolo awo anachokera ku Mozambique, kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo banja lonse ndi Akatolika. Ine ndinakulira cha ku Nyambadwe, mwana wa kalaliki, Mpulesibiteriya woimba kwaya, ndipo nanenso ndinkagwira ntchito yotayipa muofesi ina mtauni. Alamu ankanditchula kuti “adona a muofesi”, ndipo sikunali kundiyamikira. Mchimwene wawoyo, amuna angawo, ndi iwo amene ankamulera kuyambira ali wakhanda, choncho kwa iwo ine ndinali kamtsikana kongobwera kudzakolola m'munda wolima ena. Tinkakangana pa mchere, pa kayanikidwe ka zovala, pa chilichonse. Amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma ife tinkalira ndithu, m'mawa ndi madzulo omwe.

Tsikulo unali mwezi wa Okutobala, ine ndili patchuthi, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkasita m'nyumba pamene mwana analowa atagwira chala.

“Amama, kambalame kandiluma.”

Ndinayang'ana chalacho. Panali timadontho tiwiri tofiira ngati pobaya singano, magazi osatuluka n'komwe. Nditatuluka pakhonde ndinapeza kuti sikanali kambalame ayi. Unali mleme, ukukwawa pasimenti masanasana, ukuyasamula kukamwa n'kumaluma tsache lomwe alamu ankaukankha nalo. Mwanayu anabadwa ndi mtima wa chisoni pa zamoyo zonse, ngakhale nkhuku sinkaphedwa iye akuona, ndiye anautola kuti akaupatse madzi. Alamu anaupsinja pamsana ndi mpini wa tsache mpaka unaleka kugwedezeka.

“Wagwa ndi kutentha kwa malata umenewu,” iwo anatero. “Si kanthu.”

Koma kwa ine kanali kanthu. Ndili wamng'ono, mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi anakandidwa ndi kamwana kagalu pamkono. Balalo linapola, tonse tinaiwala. Patapita miyezi anadwala chiwewe, ndipo anamwalira atamumangirira pabedi ndi nsalu chifukwa ankalimbana ndi aliyense. Amayi ake omwe sanawazindikire. Kuyambira pamenepo bala laling'ono limandiopsa kuposa lalikulu. Komanso m'chaka chomwechi cha mleme ndinali nditapita ndi galu wathu kukabayitsa katemera pabwalo la sukulu, ndipo bambo wina wachimkuzamawu ankabwereza mawu omwewomwewo mpaka anandikhala m'mutu: chiwewe si cha agalu okha, chingagwire nyama iliyonse yoyamwitsa, mukalumidwa tsukani ndi sopo kwa nthawi yaitali, ndipo nyamayo musaitaye. Mleme ndinkadziwa kuti umayamwitsa, popeza ndinauonapo wina uli ndi kamwana kakukangamira pachifuwa.

Ndinamukoka mwanayo kupita naye pampopi. Ndinatenga sopo wochapira n'kuyamba kupaka, kutsuka, kupakanso. Analira kuti madzi akumulowa m'manja mwa diresi, analira kuti ndikumupweteka, ine osamva. Thovu linayenderera mpaka m'ngalande ya aneba, zala zake zinachita makwinya ngati za nkhalamba. Ndili mkati motsukamo ndinamva kafungo ka ubweya wopsa.

Nditacheuka ndinaona alamu atayandikizitsa fosholo pambaula, mleme uli pafosholopo, phiko limodzi litayamba kale kuwauka. Ndinakuwa mawu amene sindinadziwe kuti ndili nawo. Ndinathamanga n'kumenya fosholoyo, mleme n'kugwera pafumbi.

“Alamu, mwapenga?” anandifunsa.

“Musauotche!”

“Nanga phulusa lichokera kuti? Galu akakuluma umameta ubweya wake, n'kuotcha, n'kupaka phulusa pabala, ululu umabwerera kwa mwini wake. Abambo athu anatero ndi amuna anuwo atalumidwa pakatumba. Kodi anafa? Si awa mukudya nawo? Komanso mleme wa masana ndi malodza. Chinthu chotere sachisunga, amachiotcha anthu asanachione.”

Sanali kunena mwankhanza ayi. Mwanayu ankamukonda kuposa mmene ankakondera munthu wina aliyense, ndipo ankachita zomwe anaona makolo awo akuchita. Koma ine nthawi yonyengerera ndinalibe. Ndinawauza kuti phulusa silikhudza chala chimenecho ine ndili moyo, ndiponso kuti mlemewo ukupita kuchipatala limodzi ndi mwana. Ndinaunyamula ndi fosholo yomweyo, osaukhudza, n'kuuponya m'jumbo, jumboyo m'jumbo ina, kenako m'chitini chakale cha majarini. Pamenepo m'pamene ndinaganiza za dzuwa. Ndi kutentha kumeneko, pofika mtauni ukanakhala utayamba kununkha. Maso anga anagwera pa bokosi la alamu losungira zozizira, lomwe linali pamthunzi, lodzaza ndi mafilizesi oti akagulitse ana a m'makalasi aakulu akamaweruka.

Ndinalitsekula n'kukankhira chitinicho pakatikati.

“Muluku wanga!” alamu anafuula, kuitana Mulungu m'Chilomwe cha makolo awo, chomwe chinkatuluka akapsa mtima zedi. “Mwaika chitanda cha mleme m'zakudya za ana a eni? Inu adona, muofesi mwanumo amakuphunzitsani zimenezi?”

Ndinaimbira foni amuna anga, amene ndi makaniko ku Limbe. Anandiyankha ali kunsi kwa galimoto. Atamva kuti mbali ina kuli akazi awo, mbali ina achemwali awo, anayankha mwanzeru za munthu wofuna kudzagona m'nyumba mwamtendere: “Chitani zomwe mukuona kuti n'zabwino, koma musakangane.” Tinali titakangana kale. Ndinamuveka mwana nsapato n'kunyamula bokosi. Ndisanafike pageti, alamu anandilanda.

“Bokosi langa siliyenda ndi munthu wina,” anatero, akumanga chitenje. Ndi mmene tinanyamukira atatu, iwo patsogolo atakwiya, bokosi lili pamutu.

M'minibasi yopita mtauni munali mothinana, anthu thukuta lili kamukamu. Alamu analiika bokosi pamiyendo n'kulitsamira ndi zigongono zonse ziwiri. Kondakitala analiyang'ana kwa nthawi, akumeza malovu.

“Masteni, tagulitsani kamodzi kofiira, kukhosi kwauma.”

“Zatha.”

“Zatha bwanji masteni, bokosi mwakwera nalo movutika?”

“Iwe, ndati zatha. Bokosili ndi lako?”

Mayi wina kumbuyo anati nayenso akufuna cha mwana wake, bambo wina anati bizinesi sachita ndi nkhope yotero. Alamu anangoyang'ana kutsogolo, milomo ili tong'o. Ine mtima unali m'mwamba, dzanja la mwana ndili nalo gwa, koma ndinalephera kupirira, ndinaseka mpaka misozi. Alamu anandiponda phazi.

Kuchipatala tinapeza mzere wa anthu olumidwa ndi agalu, ena atamanga nsanza m'miyendo. Itafika nthawi yathu, anesi anayang'ana chala, anamva nkhani yonse, n'kutifunsa ngati tinadzera kwa vetenale, ku ofesi ya zaziweto. Anati katemera wa chiwewe amakhala wochepa, choncho amabaya munthu amene a zaziweto atsimikiza kuti nyama yomwe yamulumayo n'njokayikitsa. Ndinayamba kukweza mawu, monga mwa khalidwe langa.

“Amayi,” anesiwo anandidula modekha, “kukalipa sikukutengerani pepala. Thamangani asanaweruke. Ifenso pano sitikhala mpaka kalekale.”

Ndinasowa mtengo wogwira. Kumutenga mwana kunali kutaya malo pamzere, ndipo anali atatopa kale. Alamu anandiyang'ana, anayang'ana mwana, kenako anandipatsa bokosi lija m'manja.

“Za mleme wanuyo ine sindikuzikhulupirira,” anatero. “Koma mwanayu mwamuyendetsa kale padzuwa, ndiye sachoka pano asanabayidwe. Pitani. Mundipeza pompano.”

Ofesi ya zaziweto inali cha kunjira ya ku Limbe. Ndinafika fumbi lili mbuu m'miyendo. Bambo wa pakauntala anatenga cholembera n'kundifunsa mosayang'ana n'komwe kuti galuyo ndi wa ndani ndipo ali kuti. Nditanena kuti si galu koma mleme, ndipo uli m'bokosimu, anaika cholembera pansi n'kuitana anzake kuti adzaone. Anthu anaunjikana, akuseka kuti lero kwabwera mafilizesi a mtundu watsopano. Sindinawaimbe mlandu, nanenso ndikanakhala iwo ndikanaseka. Kenako panatulukira dokotala wa ziweto, mayi wachitsikana wovala majombo, amene ankaoneka kuti wangochokera kumakola. Anamvetsera, anafunsa ngati mlemewo unagwa masana ndiponso ngati unkaluma, n'kupita kukavala magolovesi. Kuseka kunatha.

Anautulutsa m'chitini, anaona phiko lowauka, n'kuutembenuza.

“Mutu uli bwinobwino,” anatero. “Amene wauchotsa pamoto ndani?”

“Ndine.”

“Mwachita bwino. Matendawa amakhala mu ubongo. Mutu ukapsa kapena ukawola, ife tilibe choyeza.”

Anandiuza mosabisa kuti kuno kwathu chiwewe chambiri chimachokera kwa agalu, ndipo cha mileme sichionekaoneka. Koma mileme ili ndi mtundu wakewake wa matendawa, mano ake ndi aang'ono moti anthu salabadira bala lake, ndipo munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro palibe mankhwala. Anati tisadikire zotsatira, mwana ayambe katemera lero lomwe. Anandipatsa pepala lija. Ndikutuluka, anandiitananso n'kunena kuti mafilizesi onse a m'bokosimo atayidwe, ndipo bokosilo litsukidwe ndi mankhwala. Ndinadziwa kuti kunyumba kukundidikira nkhondo ina.

Pobwerera magalimoto anali atathinana pamsewu, anthu akuweruka. Minibasi inkangokwawa. Ndinatsika panjira n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, mayi wamkulu wa muofesi, siketi nditaikwinya m'manja, bokosi likundimenya m'chiuno. Oitanira anandikuwiza, ine osacheuka. Nditalowa m'khonde la chipatala ndinapeza mabenchi ali mbee, mzere wonse utatha. Koma chitseko cha chipinda chobayira chinali chotsekula. Sichikanatsekeka ngakhale akanafuna, chifukwa alamu anali atayala chitenje pakhomo penipeni, atatambasula miyendo, mwana ali pamiyendopo. Anesi anali atanyamula kale chikwama chawo, makiyi ali m'manja, akumvetsera mbiri ya mmene agogo a alamu anawolokera malire wapansi kudzathyola tiyi. Anali atafika pa ukwati wa azakhali awo achiwiri.

“Si awa abwera,” alamu anatero, ngati kuti ndinangopita kuseri kwa nyumba.

Anesi anapukusa mutu akuseka, anaika chikwama pansi n'kutsekula filiji. Mwana atabayidwa analira, alamu nawo anatembenukira kukhoma n'kumapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ine sindinalire. Ndinali ndi chimwemwe choti ndikanatha kuvina pompo, pamaso pa anesi.

Katemerayo sabaya kamodzi. Anatiuza masiku obwereranso, ndipo tchuthi changa chitatha alamu ndi amene ankapita naye, akung'ung'udza njira yonse za mafilizesi awo amene ndinawathira m'dzenje. Anauza aneba onse kuti adona a muofesi anawonongetsa katundu chifukwa cha kambewa kouluka. Ndinkangowasiya. Koma mumtima ndinalibe mtendere. Mwana akati mutu ukumupweteka, ndinkasiya kudya. Akakhala chete, ndinkamuyankhulitsa dala kuti ndimve mawu ake. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, ndinazionera pamenepo.

Foni inalira ndili pantchito, ndikutayipa. Anali dokotala wa ziweto uja. Anati ayeza, ndipo mu ubongo wa mlemewo apezamo kachilombo. Anafunsa ngati mwana akulandira katemera mosadumphitsa, ndinati inde. Anati, “Ndiye musaope, matendawa mwawapitirira.” Ndinatuluka muofesi n'kukakhala pamasitepe. Mantha a masiku onse aja anandigwira pakamodzi, kenako anandisiya. Ndinapempha chilolezo kwa abwana n'kunyamuka dzuwa likadalipo.

Alamu ndinawapeza pakhonde akumanga mafilizesi a mawa, mwana akuwathandiza kutsanulira. Ndinamutuma mwanayo kukagula machesi, kenako ndinawauza. Manja awo anaima.

“Ndiye phulusa lija,” anayamba, koma sanamalize.

“Chitseko munagwira ndinu,” ndinatero. Zinali zoona, ndipo ndinafuna kuti azimve kuchokera pakamwa panga.

Anadzuka, anamanga chitenje n'kutuluka pageti. Ndinaganiza kuti akupita kutchalitchi, koma ayi. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pali mwana wina amene anaukhudza mlemewo tsiku lija usanafike pakhonde pathu. Panyumba yachitatu anapeza chomwe ankafuna. Kamtsikana ka aneba, mnzake wa mwana wathu, ndi kamene kanayamba kuutola kuseri kwa nyumba, ndipo kanakandidwa pachikhatho. Amayi ake ankadziwa, koma anabisa poopa kuti anthu anena kuti malodza agwera pakhomo pawo. Mawu a alamu tinawamva tili kwathu.

“Malodza ake ati? Ine amene ndikunena pano ndi amene ndimadziwa za malodza kuposa inu! Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawa m'mawa mundipeze pageti mutavala.”

Anapita nawo okha, kwa vetenale ndi kuchipatala komwe, popeza njira anali ataidziwa ndipo anesi anali atasanduka abale awo. Kamtsikanako kanayamba katemera kakadali bwinobwino, ndipo kali moyo mpaka lero.

Sabata yomweyo a zaziweto anabwera kudera kwathu. Anafunsa nyumba ndi nyumba, anabaya agalu ndi amphaka onse amene anali asanabayidwe, ndipo dokotala uja anasuzumira m'siling'i mwathu ndi tochi. Ine ndinkafuna tifukize utsi wa mankhwala kuti mileme yonse ifere momwemo. Anandikaniza. Anati ikamafa idzagwera pansi paliponse, ndipo otola adzakhala ana omwewo ndi amphaka. Anati yambiri ilibe matenda, ndipo imatidyera udzudzu. Chofunika n'kuidikira ituluke madzulo, kenako n'kutseka mabowo onse kuti ikapeze kwina kokhala. Zinandiwawa kuisiya ndi moyo, koma ndinamvera, pakuti mayiyu anali asanandinamizepo.

Loweruka lake amuna anga anabwera ndi makwerero kuchokera kugalaja, waya wa sefa ndi simenti. Aneba aamuna anabwera kudzathandiza, chifukwa nawonso madenga awo anali ndi alendo omwewo. Dzuwa litapendeka tinaima pabwalo, ana tawatsekera m'nyumba, n'kumaonerera mileme ikutuluka mpaka kabowo kanati zii. Amuna anakwera. Alamu anaima pansi manja ali m'chiuno n'kumalamula, akuloza pomwe mchimwene wawo wasiya mpata, ngati kuti ntchito yotseka madenga anabadwa nayo. Tikumaliza nyumba yathu, anali atawauza kale anthu kuti Loweruka lotsatira ndi la nyumba ya ndani. Mwezi usanathe mzere wonse wa nyumba zathu unali utatsekedwa, ndipo ana a m'deralo ankadziwa kuti chinthu chogwa padenga sachitola, amaitana wamkulu.

Ine ndi alamu sitinasiye kukangana, munthu asakunamizeni. Mchere ankathirabe wambiri. Koma dzina lija la adona a muofesi linasintha kamvekedwe, ndipo akamauza anthu nkhaniyi pageti la sukulu ankati “ife tinaunyamula mleme uja mpaka ku Limbe”. Sindinawatsutse.

Miyezi inadutsa, kenako chaka, mwana osadwala. Sindikumbukira tsiku lomwe ndinasiya kumugwira pamphumi akangoti watopa, ndinangozindikira kuti ndasiya. Panopa ndi namwali wamtali kundiposa, wapakamwa ngati azakhali ake ndi waliuma ngati ine, ndipo timakangana pa foni, pa mbale zosatsuka, pa nthawi yofikira pakhomo. Ndikamamukalipira nkhope imakhala yolusa, koma mumtima ndimakhala ndikuthokoza kuti ndili ndi womukalipira. Lamulungu lapitali ndinafunafuna nsapato zanga zakutchalitchi nyumba yonse mpaka ndinachedwa kukwaya. Ndinakazipeza kumapazi kwake, ali pabenchi lakutsogolo, ndipo zikumukwana bwinobwino.